Mphepo ndi yaulere koma ilibe bwana

Inu a geni a mumsika wa Limbe, a ku Tsoka ku Lilongwe ndi a ku Mzuzu, dandaulo lanu ndimalimva tsiku ndi tsiku: thiransipoti ikudya phindu. Mukaoda katundu, wa lole afuna zake, wa minibasi afuna zake, wonyamula pamutu nayenso zake. Pofika pa benchi mpamba watsala mafupa okhaokha. Nanga mu 2024 mafuta atasowa, si ena a inu tomato anaolera pa siteji?

Komatu alipo anzanu ena a geni amene injini yawo ndi mphepo. Amenewa ndi a pa chilumba cha Likoma, cha Chizumulu ndi madoko a tsidya la Mozambique monga Cobue. Ine ndayenda nawo pa chombo cha thanga, ndipo ndati ndikufotokozereni, poti nkhani yake ndi ya ndalama ndi moyo.

Chombo chimenechi ndi cha matabwa. Pakati pali mlongoti, ndipo pa mlongotipo amapachika mtengo wautali wopendekeka umene umagwira thanga la ngodya zitatu. Thangalo musaganize kuti ndi loyera ngati la alendo okaona nyanja. Ndi zigamba zokhazokha, pena nsalu, pena thumba la feteleza. Kumbuyo kumakhala mkulu wogwira chiwongolero. Pansi pali mnyamata amene ntchito yake ndi kukapa madzi ndi chigubu chodula, kuyambira ponyamuka mpaka pofika.

Mphepo ikakhala kumbuyo, ulendo ndi wokoma zedi. Palibe phokoso, palibe utsi wa dizilo, mumangomva madzi akunyambita matabwa. Koma ikachokera komwe mukupita, chombo chimayenda mokhotakhota, uku kenaka uko. Pokhota paliponse anyamata amatembenuza thanga, mkulu uja n'kukuwa kuti nonse samukirani mbali inayo. Wochedwa amadzudzulidwa, kaya ndi bwana kaya ndi m'busa.

Chifukwa chiyani anthu amavutika chonchi? Likoma ndi wa Malawi koma wazunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Nthaka yake ndi yamiyala ndi mchenga, mitengo yambiri ndi milambe. Tsono nkhuni, nsungwi ndi zakudya zina zimachokera kutsidya, komwe mapiri ake amaoneka ndi maso muli pa gombe la Mbamba. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951, ndi ya maulendo ataliatali. Za tsiku ndi tsiku zimadalira maboti ndi zombo zing'onozing'ono.

Doko la Cobue si doko monga mukuganizira. Ndi mchenga basi. Mumatsika madzi ali m'mawondo, thumba pamutu. Kumtunda kuli tchalitchi chachikulu cha Katolika chimene chinaonongeka pa nthawi ya nkhondo, ndi nyumba zowerengeka. Anthu ake amayankhula Chinyanja, moti kutsatsa malonda simusowa womasulira. Musaiwale mapepala oolokera malire, paja ndi dziko la eni.

Kumeneko ndi kumene ndinaona mkangano umene inu a geni muumvetsa bwino. Tinali titapakira masana kuti tibwerere, mwera n'kuyamba. Mwera ndi mphepo yochokera kummwera imene imavuta kwambiri m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August. Mkulu wa chombo anayang'ana nyanja nati sitinyamuka. Mayi wina amene anali ndi madengu a nthochi zakupsa anapsa mtima.

"Bambo, katundu wangayu akagona aonongeka. Ndiwonjezera ndalama, tiyeni!"

"Mayi, ndalama zanuzo mwera suzidziwa. Nthochi mudzagula zina. Nanga ana anu adzagula kuti mayi wina?"

Tinagona pa mchenga. M'mamawa nyanja inali bata ngati mphasa, tinaoloka bwinobwino. Nthochi zina zinafewadi, mayi uja anataya kaphindu ndithu, ndipo sanaseke ndi munthu njira yonse. Sindikumunena. Mpamba wa ngongole umawawa. Koma anafika kwawo ndi miyendo yake.

Nyanja iyi siiona nkhope. Mu 1895 Chauncy Maples, atangodzozedwa kumene kukhala bishopu wa Likoma, anamira pamene boti lake la thanga linagubuduzika ndi namondwe. Manda ake ali ku Nkhotakota. Mu 1946 sitima ya Viphya, ya injini ndithu, inamira kumpoto kwa nyanjayi ndipo anthu 145 anafa. Tsono ngati bishopu ndi sitima yachitsulo zinalephera, kachombo kodzaza nkhuni mpaka m'milomo n'kachiyani?

Mbiri ya zombo zimenezi ilinso ndi misozi yake. Jumbe atakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, zombo za mtundu womwewu zinkaolotsa akapolo ndi minyanga kupita kutsidya, ulendo wa ku Kilwa. Lero luso lomwelo likudyetsa mabanja. Alendo ochokera kunja amalipira ndalama zambiri kuti ayende ndi mphepo kwa masiku angapo, kugona doko ili mawa lina. Anzathu a ku Likoma amachita zomwezo pofuna ufa.

Chimene ndinatolapo ndi ichi. Pa thanga sulipira mafuta, umalipira nthawi. Amene afuna kupulumutsa zonse ziwiri, ndalama ndi nthawi, ndi amene amakakamiza mkulu wa chombo kunyamuka pa mwera, kapena kuwonjezera matumba asanu chombo chitadzaza kale. Khalidwe lomweli timalionanso pamtunda, pamene timakwera pamwamba pa matumba a makala pa lole yodzaza, n'kumauza dalaivala kuti athamange tikapeze msika.

Eni zombo nawonso asabisale kumbuyo kwa umphawi. Majekete oyandamitsa munthu pamadzi ayenera kupezeka m'chombo chilichonse chonyamula anthu, ndipo okwera tiziwafunsa tisanalipire, monga momwe timawerengera chenje.

Tsono mukamva kuti usipa wachedwa chifukwa kunyanja kuli mwera, musatukwane okuoderani. Akulu anati kuthamanga sikufika. Katundu wochedwa mawa mugulitsa, koma womira sabwera ndi lisiti.