Seva yachiwiri inalipo, koma palibe anaitchula

M'mwezi wa June chaka chatha ndinaperekeza abambo ku ofesi ya kabungwe kena kosungitsa ndalama pa boma la Kasungu. Mabelo awo a fodya wa bale anali atagulidwa ku msika wa Chinkhoma, ndipo fizi yanga inali m'ndalama zimenezo. Mtsikana wa pakauntala analimbana ndi kompyuta kanthawi, kenako anadzutsa mutu. "Pepani bambo, netiweki yavuta. Mubwere mawa." Abambo sanatsutse. Anangoyamba kuwerengetsa ndalama ya kabaza ya tsiku lachiwiri.

Ine ndimaphunzira za zilankhulo, choncho mawu akuti "netiweki" amandivutitsa maganizo. Tawasandutsa ngati mvula: ikakana kugwa, palibe womufunsa. Koma tsiku limenelo foni zinkagwira bwinobwino.

Mnzanga wina wa zamakompyuta, amene nthawiyo ankaphunzira ntchito pa ofesi yomweyo, ndiye anadzandiululira. Database yosunga maakaunti athu inali yamoyo, ndalama ya abambo ili momwemo. Chomwe chinafa chinali seva ina, yosunga kaundula wa mayina ndi mapasiwedi a ogwira ntchito. Kalaliki akafuna kulowa, database imayamba yafunsa kaundulayo ngati munthuyu ndi yemweyodi. Imafunsa kudzera m'njira yotchedwa LDAP, yomwe inayambira ku University of Michigan kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Active Directory ya Microsoft, imene inabwera ndi Windows 2000, imaigwiritsanso ntchito. Kaundula akapanda kuyankha, palibe wolowa. Nkhokwe ili yodzaza, wosunga kiyi wakomoka.

Mankhwala ake ndi odziwika kalekale. Mumaika maseva awiri okoperana kaundula, kuti woyamba akagwa, funso lipite kwa wachiwiri popanda munthu kukhudza kanthu. Akatswiri amati failover. Chomwe chinandipweteka n'chakuti pa ofesi ija seva yachiwiri inalipo, yogulidwa ndi ndalama za mamembala, ikuyaka pakona. Kungoti palibe amene anauza database za iyo. Mu PostgreSQL, mwachitsanzo, fayilo ya pg_hba.conf imalola kulemba maseva angapo pamzere umodzi, kungosiya kampata pakati pa mayina awo. Pa ofesi ija panalembedwa dzina limodzi. Tsiku lathunthu la alimi linathera pa dzina losalembedwa.

Mnzangayo anati ngakhale kulemba onse awiri sikokwanira. Seva yofa ndithu ndi yabwinoko, chifukwa makina amaona msanga n'kupita kwa inzake. Yovuta ndi yodwala, imene imavomera moni koma funso osayankha. Ngati simunaike malire a masekondi odikira, kalaliki amangoyang'ana kachizindikiro kozungulira mpaka nthawi ya nkhomaliro. Ndipo maseva awiri a m'chipinda chimodzi, pa waya mmodzi wa magetsi, amazimira limodzi. Tonse tikukumbukira mdima umene tinakhalamo namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022.

Apa mpamene ndinaseka, chifukwa abambo, amene sanagwirepo kompyuta, amazichita zimenezi chaka ndi chaka. Nazale yawo ya fodya saika pamalo amodzi. Mabedi ena amakhala kudambo, ena pafupi ndi chitsime cha kumudzi, ndipo onse amawathirira ndi kuwayendera, poti mbande zosayenderedwa umadzazipeza zitafa tsiku lowokera. Seva yachiwiri ija palibe anaiyesapo n'kamodzi komwe. Kuyesa kwake n'kungozimitsa yoyamba mwadala tsiku lopanda anthu, n'kuona ngati kalaliki angalowe.

Tinabwereranso mawa lake. Seva yoyamba anali ataidzutsa, ndalama tinatenga. Potuluka abambo anathokoza mtsikana uja mwaulemu, n'kumufunsa ngati netiweki yachira. Iye anati yachira.