Masewera Aulere

Nchito yanga ku Chimbonila inali kulandira ndalama za anthu ofuna kugula zinthu m'masewera a pa foni. Masewerawo amati ndi aulere. Poyamba mwana apambana mosabvuta. Pambuyo pace masewera alimba, ndipo foni imuuza kuti agule bokosi. Za m'bokosimo sazidziwa. Ndi mwai cabe. Akapanda kupeza cimene afuna, agulanso.

Ogula ambiri anali ana a sukulu. Ena anali kutapa nyemba m'matumba a makolo ao kuti apeze meticais 50. Ndalama zimenezo ndizo zinali kundidyetsa ine.

Mu 2018 boma la Belgium linati mabokosi otere ndi njuga. Inenso ndinaona kuti ndi njuga. Ndinasiya nchitoyo; tsopano ndilima mbatatesi.

Makolo, mwana akati masewera ndi aulere, yang'anani m'thumba la nyemba.