Azungu nawonso anali ndi "iwe" wawo

Sabata ino mwana wanga wandilasa mtima. Lamulungu tikucheza ndi amayi pa WhatsApp, iye osaphethira n'komwe: "Agogo, iwe uli bwanji?" Amayi anangoseka, koma ine nsima sinatsike usiku umenewo. Kumukalipira ndinalephera. Kusukulu, m'basi, paliponse amangomva "you", kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi galu.

Ndimasamalira okalamba kuno ku Barnsley, ku Yorkshire. Pali agogo ena aamuna, anakalambira mu mgodi wa malasha, manja ali ndi timizere takuda mpaka lero. Ndikawapatsira tiyi amanditchula kuti "tha" kapena "thee". Mwana wawo ndiye anandimasulira kuti ameneyu ndi "thou" wakalekale, "iwe" wa Chingerezi, ndipo akuluakulu akuno amamusungira munthu amene amuzolowera. Misozi inalengeza.

Ndiye ndinayamba kufufuza. Kale "thou" anali wa munthu mmodzi, "you" wa anthu ambiri. Anthu a ku Normandy atalanda England mu 1066, Chifalansa chinalowerera, ndipo pofika zaka za m'ma 1200 "you" anasanduka waulemu, ngati "inu" wathuyu. "Thou" anatsalira ana, antchito ndi okondedwa. Ankatukwanirananso. Pa mlandu wa Sir Walter Raleigh mu 1603, Edward Coke anamunena dala kuti "thou" pofuna kumunyoza. A Quaker, otsatira a George Fox, m'ma 1650 ankati anthu onse ndi ofanana, choncho ankati "thee" ngakhale kwa woweruza, ena mpaka kumenyedwa. Baibulo la King James la 1611 limati "thou" kwa Mulungu amene ife timati Inu.

Kenako Azungu anamutaya "iwe" n'kusunga "inu", koma "inu" wa aliyenseyo ulemu unamuthera.

Kuntchito amati tizitchula okalamba mayina awo enieni. Mayi wa zaka 90! Ndimatchula, poti ntchito ndi imene ikulipira lendi ndi fizi ya mng'ono wanga ku Zomba, koma mumtima ndimayikako "a" kutsogolo. Kapu ndimaperekabe ndi manja awiri. Patha zaka zinayi ndisanagwade pamaso pa amayi, ndipo ndikamachokera ku ntchito ya usiku, kuli chisanu, zimenezi ndi zimene zimandiliza.

Inu amene mukulera ana kunja kuno, aphunzitseni "inu" asanakumane ndi agogo awo. Wanga tayamba naye dzulo.