Nsomba siilira ikadwala

Ntchito yanga ndi yoswetsa nsomba. Ndili ndi maiwe a makumba ndi chilunguni, ndipo alimi anzanga amabwera ndi ndowa kudzagula mbewu yokaika m'madamu awo. Woswetsa amasenza udindo woposa wa mlimi wongonenepetsa nsomba, chifukwa matenda akalowa kwa ine ndiwagulitsa limodzi ndi mbewu, mudzi ndi mudzi. N'chifukwa chake gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kuyang'ana.

Ndimayang'ana m'mawa pothira gaga. Nsomba zathanzi zimalimbirana chakudya mpaka madzi kuchita ngati akuwira. Gaga akangoyandama popanda womukhudza, ndimakhala kaye pa mlambala wa dziwe. Choyamba kuchikayikira si matenda ayi, koma madzi. Nsomba zikamabwera pamwamba mbandakucha kukamwa kuli yasa, dzuwa likakwera n'kubwereranso pansi, ndiye kuti mpweya wachepa, mwina manyowa ndinachulutsa. Pamenepo ndimangolowetsa madzi atsopano. Yodwala imadziwika ndi kudzipatula: imakhala m'mbali tsiku lonse, thupi litada, ndipo mutha kuigwira ndi manja osathawa. Ndikaigwira ndimaona makha ngati ayera, mamba ngati anyamuka, mimba ngati yatupa, diso ngati latuzuka kapena lachita ng'ala.

Apa ndi pamene maso anga amalekezera. Zizindikiro zimenezi zimafanana pa matenda ambiri. Mu 2020 matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS atabuka ku Mchinji, chinali chaka cha Covid-19, ndiye mawu akuti vairasi anali pakamwa pa aliyense. Komatu choyambitsa zilondazo ndi chuku cha m'madzi chotchedwa Aphanomyces invadans. Nayenso bakiteriya wa Streptococcus amatuzula maso ndi kuzunguza nsomba monga momwe vairasi amachitira. Munthu wonena dzina la matenda ataimirira pa dziwe akungolota.

Vairasi amene ife oweta nsomba za mtundu wa chambo timamuopa ndi Tilapia Lake Virus, mwachidule TiLV. Akatswiri anamulengeza mu 2014 atafufuza za kufa kwa nsomba ku Israel, ndipo anapezekanso ku Ecuador, Colombia, Egypt ndi Thailand. Bungwe la FAO linachenjeza maiko mu 2017, kenako anapezeka m'nsomba za m'nyanja ya Victoria, mbali ya Tanzania ndi Uganda. Amagwira chiwindi, ubongo ndi maso, ndipo m'malo ena anapha nsomba 9 pa 10 zilizonse, makamaka zazing'ono zongosamutsidwa kumene. Ku Ghana, vairasi wina wotchedwa ISKNV anapulula nsomba za m'makhola a pa nyanja ya Volta kuyambira chakumapeto kwa 2018. Matendawa amayenda ndi mbewu, madzi ndi zipangizo.

Wotchula dzina ndi labotale, koma labotale imayeza chimene mlimi waipatsa. Ambiri amatola nsomba yomwe yafa dzulo, yotupa kale, n'kumati akayeze. Imeneyo zam'kati zasungunuka, palibe chimene angaone. Yofunika ndi yodwala koma ikupumabe, ndipo zikhale zingapo. Ndimaimbira alangizi a za nsomba a m'boma lathu, nsombazo ndili nazo zamoyo mu ndowa, kapena pa ayezi ngati ulendo ndi wautali. Pong'amba amatenga tizidutswa ta chiwindi, kapamba, impso ndi ubongo. Tina amatiika mu ethanol kuti tikayezedwe ndi PCR, njira yochulukitsa kachidutswa ka chibadwa cha vairasi mpaka makina atakazindikira. Tina amatiika mu formalin kuti akatidule mopyapyala n'kutiona pa maikulosikopu. Ngati ndi TiLV, maselo a chiwindi amaoneka ataphatikana kukhala chimselo chimodzi chachikulu. Ine ndimaperekanso kope langa, momwe ndimalemba tsiku lomwe zinayamba kufa, zingati patsiku, zazikulu bwanji, mbewu inachokera kuti. Kopelo amaliwerenga asanagwire mpeni.

Podikira zotsatira sindithamangira kusitolo ya mankhwala. Vairasi samva maantibayotiki. Kuwathira m'dziwe ndi kutaya ndalama ndi kuipitsa madzi. Chomwe ndimachita ndi kutseka. Ndimatseka potulukira madzi, poti ngalande yanga imakathira m'dziwe la mnansi. Ndimasiya kugulitsa mbewu, ngakhale wogula atabwera ndalama zili m'manja. Zakufa ndimazivuula m'mawa ndi madzulo, n'kuzikwirira m'dzenje lakuya lothira laimu, kutali ndi agalu ndi mbalame. Chovuta kwambiri ndi khoka. Pa kalabu yathu khoka ndi limodzi, limayenda dziwe ndi dziwe, ndipo kumukaniza mnzako kumaoneka ngati kuuma mtima. Tinagwirizana kuti lizichapidwa ndi klorini ndi kuyanikidwa padzuwa mpaka liume gwa lisanapite kwina.

Nsomba zobwera nazo zili ndi dziwe lakelake, momwe zimakhala milungu ingapo zisanasakanikirane ndi zanga. Wondigulitsa mbewu ndimamufunsa komwe makolo ake anachokera, ndipo ya kunja kwa dziko yolowa mozemba sindiilandira, ikule msanga bwanji. Wogula kwa ine nayenso ali ndi ufulu wondifunsa zomwezo, ndipo akafuna kopelo ndimamutsegulira.