Nkonono ya atate inasiya, koma vuto linalipobe

Ngati munakulira m'nyumba ya zipinda ziwiri monga ine, muidziwa nkonono ya atate anu. Ya atate anga ku Chadiza inali kumveka mpaka kwa aneba. Tinali kuseka chabe, ati alema na nchito, alekeni agone. Kuseka kunatha tsiku lija anasinza pa steering ya Canter, atanyamula soya kupita ku Chipata, galimoto n'kulowa m'ngalande. Mwamwayi anapulumuka.

Kuchipatala anati ni obstructive sleep apnea. Munthu akagona, minofu ya pakhosi imafooka, njira ya mpweya n'kutsekeka, kupuma kumaima masekondi 10 kapena kupitirira, kambirimbiri usiku umodzi. Ndiye chifukwa chake munthu amauka wolema, masana tulo chabe, BP nayo kumakwera.

Makina a CPAP ni odula, ndipo afuna malaiti. Na load shedding yathuyi, iwalani. Akulu anga ku Johannesburg anatumiza kapulasitiki kovala m'kamwa pogona, kamene kamakankhira chibwano kutsogolo kuti pakhosi patseguke. Nkonono inatheratu. Tonse tinati basi, achila.

Amai ndiwo anaona zachilendo. Anandiimbira foni m'mamawa: "Mwana wanga, atate ako manje agona zii, koma chifuwa chimaima. Salimbana na mpweya monga kale. Nimachita kuwagwedeza kuti apume."

Tinabwera nawo ku Lusaka, anawapima usiku wonse ali m'tulo. Adokotala anati iyi ni ina, central sleep apnea. Pakhosi ni potseguka, koma ubongo umachedwa kutuma thupi kuti lipume. Imatha kubuka mwa anthu ena akangoyamba kuthandizidwa vuto loyamba lija, kaya na CPAP kaya na ka m'kamwa. Kawirikawiri imatha yokha pakapita masabata kapena miyezi, koma afunika kuonedwa mpaka zitatsimikizika. Anawauzanso kuti ka m'kamwa kamayenera kupimidwa na dokotala wa mano, osati kungogula. Makiyi a Canter ali na msuweni wanga pakali pano.

Imwe amene mugona pafupi na munthu woliza nkonono, lero usiku musatseke makutu na pilo. Mvetserani ngati aima kupuma, yang'anani chifuwa. Ndipo ngati phokoso lasiya chifukwa cha kanthu kogula pa Facebook, koma masana akali kusinza, mupite naye kuchipatala, makamaka ngati ni dalaiva wa minibasi imene mukwera mawa.