Ukafuna Nchito ku Lodge, Yamba Waona Kuseli kwa Kitchen

Imwe okonda mashow a pa weekend, munaonapo kuti waitress amene anakupatsani Mosi mwezi watha lelo kulibe? Ine nchito yanga ni kuzungulira m'malodge ndi m'mabala kulemba za oimba, so nkhope nimazisunga. Pali malo ena kuno ku Kafue kumene anchito amasintha kuposa nyimbo za DJ.

Nkhani iyi naidziwira panyumba. Ine na ba sisi tinakulira mu Estates, m'nyumba zija zimene anamangira anchito a Nitrogen Chemicals ndi Kafue Textiles. Textiles itagwa, ana ambiri a muno anayamba kusakila nchito m'malodge a m'mbali mwa mtsinje. Ba sisi naonso analowa momwemo.

Lodge yoyamba inali yokongola kutsogolo, maluwa mbwee. Koma show ikasila, abwana anali kuwauza kuti saladi yakale ndi madzi otsukira mapoto azithira mu ngalande yopita ku mtsinje. Mapulasitiki anali kuwaotcha kuseli kwa kitchen, utsi wonse m'zifuwa za anchito. Bwana mmodzimodziyo anali kudula malipiro tambula ikasweka, ndipo service charge ya 10% imene kasitomala amalipira pa bilu, anchito sanaionepo. Ba sisi anakhalako miyezi isanu chabe. Tsiku limene anasiya ananiuza kuti: "Mwaice, munthu wotaya mafuta mu Kafue usiku, naiwe azakutaya usiku."

Manje ali pa lodge ina, ndipo chaka chino ni chachitatu. Malipiro sanasiyane maningi. Chosiyana ni ba madam. Kumeneko mabotolo apulasitiki amawaika m'masaka n'kugulitsa, ndipo ndalamayo anchito amagawana kumapeto kwa mwezi. Zakudya zotsala amatenga mlimi wa nkhumba. Wotsuka matoileti ali na magulovu na magambutsu, sapempha kawiri. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo malaiti n'kumapita pafupifupi tsiku lonse, ba madam anali ataika kale sola. Mafiriji sanazime, makasitomala sanathawe, ndipo palibe amene anauzidwa kuti akayembekezere kunyumba popanda malipiro.

Musanimve molakwa. Kachikwangwani ka mu bafa kopempha mlendo kuti asamale madzi sikalipira renti. Pali mabwana amene amakamba za chilengedwe pa Facebook, koma cholinga ni kuchepetsa sopo chabe. Wanchito amakhala ngati zimene lodge yapulumutsa zafikako m'thumba mwake, komanso ngati sakumutuma kuchita zinthu zimene angachite nazo manyazi anzake a mu Estates atamuona.

Komanso mtsinjewu ndiye bwana wamkulu wa tonse. Mu February 2025, damu la zinyalala za mgodi litaphulika ku Chambishi, asidi analowa m'mitsinje yothira mu Kafue ndipo nsomba zinafa. Kuno n'kutali na Copperbelt, koma ba sisi akuti makasitomala anayamba kufunsa kumene bream ya pa mbale yachokera. Madzi amene Lusaka imamwa, ena amapopedwa konkuno pa Iolanda. Mtsinje ukadwala, ndani azabwera kudzadyera nsomba m'mbali mwake? Nanga oimba athu azaimbira ndani?

So iwe mnzanga amene wanyamula CV mu envelopu ya khaki, ukaitanidwa ku interview usangoona reception. Pempha kupita ku toileti ya anchito, udutse kuseli kwa kitchen. Ona kumene madzi akuda akupita. Funsa wotsuka mbale kuti wakhalapo zaka zingati. Akakuuza kuti anayamba sabata yatha, ndipo amene analipo iye asanabwere anakhala mwezi umodzi, envelopu yako uigwire bwino.