Funso la Agogo pa Msonkhano wa Thonje

Mlangizi wina wa zaulimi m'boma la Salima anali ndi chizolowezi chotseka msonkhano uliwonse ndi mawu akuti, "Alipo ali ndi funso?" Mafunso ake ankadziwika kale: mbozi, mtengo wa thonje, tsiku lofika mbewu. Koma tsiku lina m'chaka cha 2022 agogo ena aakazi, amene nthawi zonse ankakhala kumbuyo, anakweza dzanja.

"Alangizi, paja munkatiuza kuti magalasi akuyala ku Nanjoka aja ndi chitukuko. Anamaliza kuyala, a Pulezidenti anabwera, n'kubwerera. Nanga bwanji ine nsima ndikudyerabe pa tochi?"

Anthu anaseka, koma mlangiziyo sanaseke. Mawuwo anawanenadi, ndipo yankho analibe. Iye ankadziwanso kuti mlangizi akapezeka wabodza pa nkhani imodzi, alimi amaleka kumumvera ngakhale pa kapoperedwe ka mankhwala. Choncho anapempha kuti adzayankhe pa msonkhano wotsatira, nayamba kufunsafunsa.

Zimene anapeza ndi izi. Malo opangira magetsi a dzuwa a ku Salima, amene anatsegulidwa mu November 2021 ndi Pulezidenti Lazarus Chakwera, si a boma. Anamangidwa ndi kampani ya ku Canada yotchedwa JCM Power pamodzi ndi mabungwe ena akunja oika ndalama m'ntchito zotere, monga InfraCo Africa. Dzuwa likawala bwino, malowa amatulutsa mamegawati 60. Ndipo magetsi onsewo ali ndi wogula mmodzi yekha, bungwe la ESCOM, pa mgwirizano wa zaka 20.

Apa m'pamene mlangiziyo anaona kuti nkhaniyi si yachilendo kwa alimi ake. Mlimi wa thonje akatenga mbewu ndi mankhwala pangongole, thonje lakelo limakhala ndi mwini wake lisanachite n'komwe maluwa. Sangaligawe kwa achibale, ngakhale atawakonda chotani. Kampani ya magetsi nayonso imalima pangongole. Dzuwa ndi laulere, koma mapanelo, zitsulo ndi nthambo zimafuna ndalama zonse pachiyambi pomwe, ndipo palibe angapereke ndalamazo asanaone pepala losonyeza amene adzagule magetsiwo chaka ndi chaka mpaka ngongole itatha. Mudzi wa agogo aja sungasayine pepala lotero. N'chifukwa chake magetsi amachoka pamalopo kudzera m'nthambo zikuluzikulu n'kukasakanikirana ndi a ku Nkula ndi Tedzani. Mphamvu yake ndi yoopsa moti siingalowe m'nyumba popanda thiransifoma, mapolo ndi mita, ndipo zimenezi ndi ntchito ya ESCOM komanso ya boma kudzera m'ndondomeko ya magetsi a kumidzi ya MAREP.

Kodi ndiye kuti agogowo sanapindule kanthu? Mlangiziyo analingalira kwa masiku angapo, chifukwa sankafuna kuphimba bodza lakale ndi latsopano. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 mpaka m'chaka cha 2023. Magetsi ankazima kwa maola ambiri. M'masiku amenewo, dzuwa la ku Salima ndi la ku Golomoti m'boma la Dedza, kumene kampani yomweyo inatsegula malo a mamegawati 20 okhala ndi mabatire, linathandiza kuti zigayo ndi zipatala zina zizilandirako magetsi masana. Phindu limeneli ndi lenileni. Kungoti limafika kwa munthu mozungulira, ngati mvula yogwa kumapiri imene amaiona pa kudzadza kwa mtsinje.

Vuto, monga anadzaonera, linali liwu lake lija lakuti chitukuko. Ndi thumba lalikulu kwambiri. Aliyense amaikamo zimene akusowa. Agogo anaikamo babu. Anyamata anaikamo ntchito, osadziwa kuti malo otere amalemba anthu ambiri pomanga pokha, ndipo akatha kumanga pamatsala ochepa: alonda, otsuka mapanelo, otchetcha udzu ndi amisiri.

Pa msonkhano wotsatira anafotokoza zonsezi, nayamba ndi kupepesa. Agogo aja anamvetsera mpaka pamapeto atagwira chibwano.

"Ndamva, mwanangu. Ndiye kuti thonjelo ndi la eni ake. Tsono pakhomo loti ife tikagogode ndi liti?"

Amfumu anatuma mwana kukatenga kope la kusukulu. Anang'amba tsamba lapakati n'kuyamba kulemba mayina a nyumba zonse, chigayo chimene chimayendera dizilo, sukulu ndi tchalitchi, kuti komiti ya chitukuko cha m'mudzi ikapereke pempholo ku khonsolo. Kunayamba kuda asanamalize, ndipo mayina omaliza anawalemba agogowo akuwaunikira ndi tochi yawo ija.